Nkhadze ya m'malire

Kumunsi kwa munda wa a Ermelinda, ku Ntengo-Wambalame, kuli mchenga woti ngakhale chisoso chimakana kumera. Mbuzi za eni zinkalowera komweko kudzadya nyemba. Kumeneko kunali nkhadze imodzi yokha, yaikulu, ndipo pansi pake panagona mwana wawo woyamba. Anafera kumsana mu 1987, akuthawa nkhondo kupita ku Malawi. Anamukwirira mwachangu, popanda nyimbo, n'kuzikapo kanthambi ka nkhadze. Atabwerako anapempha malo omwewo, anthu n'kumawaseka kuti asankha mchenga. Chimwalirireni amuna awo, panalibenso wina wodziwa za mandawo. Ngakhale Lídia, mwana wawo wobadwira kothawako, sanamuuze.

Mkamwini wawo Bonifácio ndi munthu wosakhala pansi, ndipo mbuzizo zinamufika pakhosi. Anabzala udzu wa vetiva m'malire, unauma. Anayesa khonje, mbuzi zinkangodutsa m'mipata. Ndiye poti mkamwini salankhula maso ndi maso ndi apongozi, anatuma mkazi wake.

"Mãe, akuti tibzale chiyani kumchenga kuja?" Lídia anafunsa amake.

A Ermelinda anafuna kuulula zonse, koma analephera. "Malo aja ndi a nkhadze," anatero. Ankatanthauza kuti asakhudzeko.

Koma mawu akadutsa pakamwa pawiri safika amphumphu. Lídia anakangoti, "Akuti nkhadze."

Sabata yomweyo a Ermelinda anapita ku Furancungo kukadwazika mng'ono wawo, ndipo anakhalako mwezi wathunthu. Tsiku lobwera, asanamwe n'madzi omwe, Lídia anawakoka dzanja.

"Tiyeni mukaone. Mbuzi zija zalira basi, pronto!"

Mtengo uja panalibe. Bonifácio anaudula wonse kuti apeze nthambi zobzala. Chitsa anachizula poti chinkakhotetsa mzere, dzenje n'kulifotsera, n'kusalaza ndi khasu. Kuyambira kunjira mpaka kukhwawa kunali tinthambi mazanamazana, tofanana ngati mano a chipeso. Mwiniwake anaima chapatali, chipewa m'manja, maso ali psuu ndi utomoni wa nkhadze, kudikira kuti apongozi amuyamikire. Chowawa n'chakuti munthuyo sanalakwe kanthu.

A Ermelinda anayenda motsatira mzerewo. Anagwada, anapapasa mchenga, anadzuka. Anapita patsogolo, anagwadanso. Mantha anawagwira, oposa a tsiku lothawa lija.

"Mwataya chiyani, mãe?" anafunsa Lídia.

"Mkulu wako. Ndinamusiya pansi pa mtengo uja. Kawafunse amuna ako, chitsa chinali pati?"

Lídia anayang'ana amake nthawi yaitali, kenako anathamanga kukafunsa. Bonifácio anagwetsa chipewa. Anayang'ana kunjira, anayang'ana kukhwawa, anayenda pang'ono, anabwerera. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni pamudzipo, anayankha apongozi ake yekha, osatuma munthu.

"Amayi, pepani. Sindikukumbukira."