Kulira pa Maliro a Eni

Munthu wamoyo salilidwa, kumeneko n'kumuitanira imfa. Clotilda ankalidziwa lamuloli kuposa katekisimu, n'chifukwa chake sabata yonseyo maso ake anali ouma ngakhale mtima unali m'mwamba. Mwana wake Vitalis, woyendetsa lole ya feteleza, anali atapita ku Beira, ndipo namondwe anamupeza komweko. Wailesi inkangonena za milatho yokokoloka ndi anthu ogona m'mitengo. Foni ya Vitalis inali zii.

Sabata yomweyo kunagwa maliro kufupi ndi mishoni ya Kasisi. Anamwalira ba Matthias, nkhalamba yojambula mafilimu. Kale ntchito zawo zinkaoneka pa wailesi yakanema, koma atakalamba ankajambula maukwati ndi ana olandira ukaristia woyamba. Anali munthu wovuta, Mulungu awakhululukire. Mkwati akatuluka m'tchalitchi mofulumira ankamubweza ndi liwu limodzi lokha lakuti "bwerezani", ndipo ngakhale wansembe anabwezedwapo. Vitalis ali mwana, pa ukaristia wake woyamba, anamubweza mpaka kandulo inamusungunukira m'dzanja.

Clotilda anamanga chitenje n'kupita. Atangolowa m'nyumba momwe amayi anakhala pamphasa, anazindikira kuti pano pokha m'pomwe kulira n'kololedwa. Anakumbukiranso kuti ngati mwana wake wapita ndi madzi, kuseka kwake kwatsala mu filimu ya nkhalambayi basi. Misozi inakhuthuka. Analira mogubuduzika, akufunsa kuti wasiyidwa ndi yani, mpaka akwaya analekeza nyimbo pakati.

Pakamwa pa anthu sipachedwa. Amayi anayamba kutsinana, ati mnansi wanji wolira kuposa mwini maliro? Wina ananong'ona kuti malemu ankakonda kudzera njira ya kumunda kwa Clotilda, chikhalirecho njirayo ndi ya aliyense wopita ku Misa. Namfedwa, ba Josephine, mkazi wa malemuyo, anasiya kulira kwawo n'kumamuyang'ana ndi diso lofiira.

Pamenepo foni ya Clotilda inalira pamfundo ya chitenje chake. Nambala yake inali yachilendo, koma anayankha.

"Amai, nine Vitalis. Foni yanga inangena m'manzi, iyi napempha chabe. Motoka yaenda, koma ine nilipo."

Clotilda anangopezeka ataimirira, nthungululu itatuluka kale, pamaliro pa eni. M'nyumba monse munati zii. Manyazi anamugwira, koma chimwemwe chinali chachikulu kuposa manyaziwo. Anagwada pamaso pa namfedwa n'kufotokoza zonse, za Beira, za sabata yosalira, ndi kuti misozi yonse ija inali ya mwana wake.

Ba Josephine anamumvetsera mpaka kumapeto. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anabisa pakamwa ndi mpango, pakuti namfedwa saseka poyera. Nawonso chinthu cholemera chinali chitawachoka pamtima.

"Ine nenze naganiza ati tili babili pa mwamuna umozi," anatero chapansipansi. "Manje mwana wanu alipo, Mulungu ni wabwino. Koma amuna banga simunabalile. Bwerezani."

Clotilda anakhala pambali pawo n'kuyambanso, pang'onopang'ono, akwaya nawonso n'kuitola nyimbo pomwe anaisiya. Ulendo uno analiradi nkhalamba yovuta ija, imene inaimika mwana wake padzuwa ndi kandulo m'manja kuti amake adzamuone bwino.