Eriyo ya Padenga la Abambo

Kuntchito ankamutchula kuti Mayi Waya, chifukwa m'thumba la ovolosi yake simunkasowa kachidutswa ka waya. Iye ndiye ankasamalira ma eriyo a nyumba yaing'ono youlutsira mawu imene inali pakati pa tauni.

Tsiku lina bwana wake anamuitanira mu ofesi n'kumulozera pawindo. Kum'mawa kunali nyumba zatsopano, masitolo ndi misewu yaphula.

"Omvera athu ambiri tsopano ali uko," anatero bwanayo, "koma akudandaula kuti mawu amafika ngati a munthu wachimfine. Tipeze eriyo yaikulu?"

"Ayi bwana, zomwe tili nazozi n'zokwana." Mayi Waya anatola zolembera patebulo n'kuziimika mozungulira kapu. "Ma eriyo athu ali chonchi, azungulira mlongoti, ndipo onse amatulutsa mafunde nthawi imodzi. Ndiye mawu amamwazikana mbali zonse mofanana. Kwina amawandandalika mumzere, kwina pathabwa ngati mazira m'thireyi. Koma nkhani yagona pa nthawi. Tikachedwetsa pang'ono mafunde a eriyo iyi kuti atsalire a inzakeyo, onse akakumana bwino kum'mawa n'kuphatikiza mphamvu. Sitimasula ngakhale bawuti."

"Ndiye tikudikira chiyani?"

"Mphamvuyo sigwa kumwamba, bwana. Tikaonjezera uko, kumadzulo mafunde azifafanizana okhaokha."

"Kumadzulo kuli chiyani? Si chigwa chabe ndi tinyumba?"

M'chigwamo ndi mmene munkakhala bambo ake a Mayi Waya. Kale anali dalaivala wa basi, koma matenda a shuga anawalanda maso, moti wailesi ndiyo inkawatayitsa nthawi kuyambira m'mawa. Mayi Waya anapempha kuti asiyeko kamphamvu kambali imeneyo. Bwanayo sanali munthu wankhanza. Anaganiza kaye, kenako anapukusa mutu: akagawa pakati, mbali zonse zidzadandaula.

Mayi Waya anakwera pansanja ya ma eriyo ija n'kusintha utali wa zingwe zopita ku eriyo iliyonse. Atayeza, anapeza kuti kum'mawa mawu akumveka mbee. Anzake anamuwombera m'manja. Iye anangopinda zida zake.

Loweruka anapeza bambo ake ali pakhonde, wailesi ili pamiyendo, chivindikiro chamabatire chili pansi.

"Yakalamba ngati mwini wake," anatero bambowo. "Ikungoti shiii. Mabatire ndasintha, ndaimenyamenya, koma ayi ndithu."

"Wailesiyo ilibe mlandu, bambo." Anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kuwafotokozera zonse.

Bambowo anaseweretsa batani la wailesiyo ndi chala.

"Ndiye kuti amene wanditembenuzira wailesi nkhongo ndiwe?"

"Ndine."

"Unaigwira bwino ntchitoyo?"

"Bwino kwambiri."

"Basi. Ukanaigwira mwachinyengo ndikanakukalipira." Anapumira m'mwamba. "Ine pa basi msewu sindinkasankha. Atatisinthira njira, panali agogo ena amene ankaimabe pamalo akale aja n'kumandibayibitsa patali. Ndinkangoliza hutala. Komatu mumtima zinkandiwawa, mwanawe."

 Mayi Waya anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene achimwene ake ankawotcherera mageti. Pamulu wa zitsulo zotsala anasankha timapaipi topepuka, nayamba kuyeza ndi kudula.

"Mukupanga chowotchera nyama, achemwali?"

"Ndi eriyo ya abambo. Gwirani apa, musiye zolongolola. Kakatalika kakhala kumbuyo, kazibweza mafunde. Kapakatika ndiko tilumikize ku wailesi. Tatifupitifupiti tikhala kutsogolo, tizikokera mafunde kuno. Kamodzi pakokha sikangamve kanthu m'chigwa muno."

"Nanga ndikakhotetsa pang'ono?"

"Mukhala mwapanga chowotchera nyama chija."

Anatikhomera pathabwa motalikirana bwino, n'kumangirira thabwalo kumtengo wautali. Achimwene anakwera nalo padenga, malata akulira pansi pa mapazi awo. Mayi Waya anatsitsa chingwe mpaka pakhonde n'kuchilumikiza.

"Lozetsani kutauni, pang'onopang'ono," anatero.

Bambo anaika khutu pawailesi. "Kumanja. Kumanjabe. Iwe, wapitirira, bwerera. Kodi ukuyendetsa ngati wophunzira bwanji?"

Kenako mawu a muulutsi anatulukira, akunena za nyengo. Kumbuyo kwake kunali kaphokoso ngati mvula yogwa kutali, koma liwu lililonse linkamveka. Bambowo anatsamira mpando.

"Imani pomwepo," anatero motsitsa mawu.

Posakhalitsa mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankasoka zovala, anasuzumira pampanda, tepi ili m'khosi.

"Odi kuno. Kodi yanuyo yachira? Yathu inatseka pakamwa."

"Lowani, atelala," anatero bambowo. "Dokotala wake ndi uyu. Wodwalitsanso ndi yemweyu."

Mayi Waya anayang'ana madenga a m'chigwamo. Anali ambiri kuposa mmene ankaonekera iye ali pansanja. Achimwene anati zitsulo zotsalazo sizingakwanire ma eriyo a madenga onsewo.

"Mwamuna wanga ali ndi mapaipi a bedi lakale," anatero atelala. "Angathandize?"

"Angathandize, bola muyezo ukhale ndendende."

Atelala anaseka, navula tepi m'khosi. "Zoyeza ndiye musandiphunzitse. Tatsitsani chinthucho ndione."

"Chitsike pologalamu ikatha," anatero bambo.