A Buleki ndi Nthawi ya Sitima

Nkhaniyi ndinaimva koyamba kwa wometa wina, m'kashopu kake koyang'anizana ndi depoti, tsiku limene basi yanga inafa ndisanaikwere n'komwe. Mkuluyo ankati kale anali weta m'sitima zikuluzikulu zapamadzi, zija zonyamula anthu ongopita kukapuma, ndipo pa limodzi la matebulo ake padakhalapo banja lina la achikulire limene sanaliiwale.

Bambowo anthu ankawatchula kuti a Buleki. Anayendetsa mabasi a mtunda wautali zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo dzinalo analipeza chifukwa basi yawo inkaima paliponse pamene munthu wakweza mkono, ngakhale akungodzikanda m'khwapa. Analinso ndi lamulo lawo. Akaima pamalo opumira, sankanyamuka asanawerenge mitu. Wina akasowa, ankazimitsa injini n'kutsika kukamufuna, kaya kuchimbudzi kaya kumsika. Ankanyadira kuti zaka zonsezo sanasiyepo munthu wa tikiti panjira. Zoti basi yawo sinafikepo pa nthawi yake, izo sankazitchula.

Amene ankazidziwa bwino ndi akazi awo, amake mapasa. Mayiwa anakalamba akutenthetsa chakudya kawiri katatu, akudya zouma m'mbali mwa poto, maso ali pachitseko. Mapasa aja atakula n'kupeza ntchito, anasonkherana n'kugulira makolo awo ulendo wa masiku asanu ndi awiri pa sitima. Amake mapasa nyanja analibe nayo chidwi, zovina ayi, dziwe losambira ayi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: nthawi ikakwana akhale patebulo, adye chakudya chotentha chimene sanaphike iwo, osadikira munthu. Kasanu n'kawiri kokha pa moyo wawo wonse.

Tsiku loyamba linapita padera. A Buleki anasuzumira m'chipinda chodyera, anaona nyale zolendewera ndi nsalu zoyera pamatebulo, mafoloko atatuatatu pa munthu mmodzi, n'kubwerera chambuyo. Anati malo otere munthu umalipira ngakhale kutsokomola, ndipo iwo sangawonongetse ana. M'sutikesi anali atabisamo buledi ndi zitini za nsomba. Amake mapasa anadya zimenezo atakhala pabedi, m'kachipinda kopanda windo, diresi yawo yatsopano ili m'thupi. Pofuna chakumwa, bambowo anatsegula kafiriji ka m'chipindamo n'kutulutsa mabotolo awiri, ati izi ndiye zaulere poti zili m'nyumba mwathu.

M'mawa mwake mayiwo anatuluka okha kukafunsa, ndipo m'pamene anakumana ndi weta uja. Atamva chilankhulo chawo anaika thireyi pansi n'kuwapatsa moni wakwawo. Anawalongosolera kuti madala achita zinthu mozondoka. Chakudya cha m'chipinda chachikulu ana analipira kale, munthu akhoza kudya mpaka batani kuduka, kuitanitsa mbale yachiwiri palibe amene angamuyang'ane. Tiyi ndi madzi a m'jagi n'chimodzimodzi. Zolipira ndi zija zooneka zosalakwa: mabotolo a m'kafiriji, zithunzi zimene anyamata a makamera amakujambula ukulowa, malesitilanti ang'onoang'ono a pamwamba, kuchapitsa zovala. Khadi lotsegulira chitseko ndi lomwelonso logulira zinthu, ndiye munthu sumva kuwawa mpaka tsiku lotsika. Anawauzanso kuti tebulo lawo ndi la pafupi ndi chipilala, chakudya chimayamba sikisi koloko, ndipo chitseko chimatsekedwa pakatha mphindi makumi awiri.

Amake mapasa anakafotokoza zonsezo mofatsa monga momwe akanathera. A Buleki anamva, anavomera, n'kupepesa. Madzulo ake ananyamuka nthawi yabwino, koma pa chikepe bambowo anaponda pakhomo n'kuyamba kuitana anthu amene anali kumapeto a khonde. Chikepe chikulira, iwo ali tiyeni, tiyeni, malo alipo. Atafika pansi anabwereranso nacho m'mwamba chifukwa agogo ena a ndodo anali atatsala. Anapeza chitseko chatsekedwa, ndipo anakadya masangweji pafupi ndi dziwe, pakati pa anthu onyowa makabudula.

Tsiku lachitatu analowa pa nthawi yake, koma patebulo panali mipando inayi. A Buleki analetsa weta kubweretsa supu mpaka eni mipando iwiriyo afike. Weta anawanong'oneza kuti anthuwo amadya kwina, sabwera. Iwo anati munthu amene ali ndi mpando amabwera. Supu inabwera mochedwa, nyama inabwera mafuta atagwirana, ndipo amake mapasa anatafuna akuwerenga mumtima masiku otsala.

Tsiku lachinayi sitima inkakocheza padoko lina, anthu atsike akaone mzinda. Pa chakudya cham'mawa weta anakhala ngati akupukuta tebulo lawo nthawi yaitali kuti awalangize. Anati maulendo okonzedwa ndi sitima ndi odula, mwina kuwirikiza katatu, koma ubwino wake basi yawo ikachedwa sitima imadikira. Ofuna kupulumutsa ndalama amatenga takisi paokha, bola agwirizane mtengo asanakwere, ndipo azitsata wotchi ya m'sitima, osati ya kumtunda. Anyamule mapasipoti, mankhwala, ndi kapepala kamene kali ndi nambala ya wothandiza anthu otsalira padoko. Onse azikhala atakwera hafu pasiti fili, folo koloko sitima imachoka.

A Buleki anaseka. Anati kaputeni ndi dalaivala mnzawo, kungoti basi yake ndi yonyowa kunsi, ndipo dalaivala aliyense amawerenga mitu.

“Amawerenga ndithu, madala,” anatero weta. “Khadi lanu limamuuza amene watuluka ndi amene wabwerera. Amadziwa dzina lanu, chipinda chanu, nkhope yanu. Akatha kudziwa zonsezo, amanyamuka.”

“Ameneyo si dalaivala.”

“Ndiye chifukwa chake amafika, abambo,” anatero amake mapasa.

Ulendo wokonzedwa ndi sitima a Buleki anaukana, ati ndi wodula. Kunja kwa geti ya doko kunali mzere wa matakisi. A Buleki ananenerera mtengo mpaka woyendetsa anagwira mutu, kenako anaona mkulu wina wa chipewa chofiira, wa m'sitima momwemo, ataima yekha ndi mapu. Anamukodola kuti akwere nawo agawane mtengo. Munthuyo anakwera kutsogolo, osafunsa n'komwe mayina awo. Amake mapasa ataona amuna awo akuloza ndi chala, mmodzi, awiri, atatu, anadziwa kuti zavuta.

Takisi inawasiya pabwalo la pakati pa mzinda, pamene panali tchalitchi chakale, kasupe wamadzi ndi misewu yopapatiza yodzaza mashopu. Anapangana kukumana pakasupepo thu koloko. Wachipewa analowera kwake. Amake mapasa anagula mipango iwiri ya apongozi awo aakazi, anakhala pabenchi n'kuvula nsapato imodzi, ndipo kwa kanthawi ulendowo unawakomera.

Thu koloko inakwana, takisi inabwera, wachipewa osaoneka. Hafu pasiti thu, a Buleki anali atazungulira kasupe kanayi, atalowa m'tchalitchi, atagogoda zimbudzi zonse za pabwalopo. Woyendetsa takisi ankangoloza wotchi yake n'kutikita zala, kusonyeza kuti kudikiraku n'kolipira. Amake mapasa anayamba ndi kuchonderera. Anati munthuyo ndi wamkulu, ali ndi ndevu zake, ali ndi mapu, matakisi ali mbwee. A Buleki anati anabwera atatu. Mayiwo anati si mwana wawo, si m'bale wawo, ngakhale dzina lake salidziwa. A Buleki anati pa basi sankafunsa mayina.

“Basi yake iti, bambo a mapasa? Mukuiona basi pano? Munapuma ntchito, anakupatsani wotchi yapakhoma, ili kunyumba ikuyenda bwinobwino. Inu nokha ndi amene munaima.”

“Mphindi khumi zokha, mayi. Ndikaone kamsewu ako.”

“Mphindi khumi zanuzo ndinazimva mapasa asanabadwe.”

Inali fili koloko. Amake mapasa anatsegula chikwama, anatulutsa pasipoti ya amuna awo, mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi, kapepala ka nambala kaja ndi ndalama zimene anatsala nazo, n'kuwaikira bambowo zonsezo m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Anaganiza kuti bambowo akaona takisi ikusuntha athamangira. Takisi inasuntha, iwo anacheuka, n'kuona msana wa amuna awo ukulowa m'kamsewu kaja, dzanja lili pachipumi.

Padoko anafika kutatsala mphindi zisanu kuti hafu pasiti fili ikwane. Anayenda chotsimphina pa simenti yotentha, sitima ili njo kutsogolo ngati nyumba yosanja. Atakweza maso, m'mwamba pa khonde la sitima anaona chipewa chofiira. Mwini wake anali atatsamira chitsulo, akunyambita ayisikilimu. Anawaona, n'kuwabayibitsa mwansangala. Amake mapasa anakuwa kumufunsa kuti wafika bwanji, iye n'kukuwa kuti anakumana ndi basi ya sitima nthawi ya wani koloko, munali malo, anangokwera. Wachipewayo anafunsanso ngati ankamudikira.

Mayiwo anayang'ana pansi kufuna mwala, koma madoko a masiku ano amasesa.

Pa kamlatho kokwerera panali ofesala wa m'sitima wovala zoyera. Anamufotokozera zonse, Chingelezi chikuwathera pakamwa, manja akumalizitsa. Iye anamvetsera mwaulemu, analankhula pa wailesi yake, ndipo dzina la a Buleki linamveka pa zokuzira mawu sitima yonse, kawiri, ngati kuti bambowo abisala pansi pa bedi. Kenako anati kaputeni wamva, wapepesa, ndipo wothandiza otsalira awadikira madala pageti. Anthu ogwira zingwe anali atayamba kale kumasula.

Amake mapasa anaima phazi limodzi pa kamlatho, lina pa simenti. Anayang'ana kugeti. Kunalowa galimoto yonyamula katundu, kenako njinga, kenako palibe. Anadziwa kuti akatsala, akhala pa benchi ya padoko mpaka bamboyo atatopa kufuna munthu amene akudya ayisikilimu, kenako agona m'kahotela, adya zimene apeze, ndipo masiku atatu otsalawo atha ngati zaka zonse zija. Anadziwanso kuti bamboyo chilankhulo cha kumeneko sachidziwa, ndipo bondo lake lakumanzere limatupa akayenda kwambiri.

“Amayi,” anatero ofesala uja, “mukulowa kapena mukutsala?”

“Ali ndi mapilitsi ake,” anatero amake mapasa, osadziwa kuti akuuza ndani. Anakweza phazi linalo.

Sitima inachoka folo koloko ndendende. Iwo anakhala pa khonde mpaka doko linachepa, ndipo sanaone munthu aliyense akuthamanga. Cha m'ma faifi kunabwera uthenga kuchipinda kuti madala apezeka, ali bwino, akwera basi yopita kudoko lomaliza, ndipo akufunsa ngati bambo wachipewa wafika.

Sikisi koloko amake mapasa anali patebulo la pafupi ndi chipilala, atavala diresi ija. Weta anafunsa mosamala ngati adikire pang'ono. Mayiwo anamuyang'ana, iye n'kuthamangira kukhitchini. Supu inabwera ikufuka nthunzi, nsomba inabwera ikuthetheka, ndipo wometa uja analumbira kuti mayiwo anadya zonse, anaitanitsa nyama ya amuna awo n'kuimalizanso, keke pamwamba. Anati masiku atatu otsalawo anali oyamba kukhala pansi, ankaseka ndi anthu a tebulo loyandikana, ndipo anatsika m'sitima masaya atadzaza. A Buleki anawapeza padoko lomaliza, malaya ali bii, ulendo wa basiwo utawadyera ndalama zoposa ulendo wokonzedwa ndi sitima umene anaukana uja, koma akuyamikira dalaivala wake kuti ndi mwana woleredwa bwino.

Zoti sitima inawasiya a Buleki ndikuvomereza, inenso zandisiyapo zinthu zambiri zoyenda. Zoti mayiwo anakwera okha ndikuvomerezanso. Koma zoti anadya mokoma chonchija, mpando wa amuna awo uli pululu pambali pawo, masiku atatu onse, pamenepo ndikukayika. Wometayo ndiye ankachotsa mbale, akuti zinkabwerera zoyera. Ine sindikukhulupirira.