Mkaka wa Dekhani

A Saulos Sakala a ku Chililalila anagwira ntchito mu mgodi wa mtovu zaka makumi awiri, ndipo kwa iwo matenda onse a pansi pano anali ndi dzina limodzi: mtovu. Mwana akatsokomola, mtovu. Nkhuku ikazyolika, mtovu. Ndiye galu wawo Dekhani atakana kudya, mkuluyo sanafunse munthu. Anagula mkaka, monga ankawamwetsera ku mgodi kale poti umachotsa mtovu m'thupi, n'kumamuthira kukamwa ndi sipuni m'mawa ndi madzulo. Galuyo anali wa malemu akazi awo, ndipo pakhomopo ndi yekhayo amene anatsala woti n'kucheza naye.

Anatha masiku asanu akulimbikira mkakawo. Kenako mkodzo unayamba kutuluka wakuda ngati tiyi, miyendo yakumbuyo n'kukana kuima. Apa m'pamene mantha anawagwira. Anamugoneka mu wilibala, n'kumukankha dzuwa likuswa mtengo mpaka kwa Mayi Chola, dokotala wa ziweto.

Mayiyo anatukula mlomo wa galuyo, n'kupeza nkhama zili mbee. Anabaya nsonga ya khutu, nadontheza magazi pa kagalasi, nasuzumira m'makina ake.

"Ba Sakala, iyi si ledi," anatero, kunena mtovu uja. "Ni matenda ya nkhupakupa. Zikaluma zimasiya tudoyo twamene tumaononga magazi. Mwenze kumupasa chani?"

"Mkaka, mayi."

"Sembe munabwela pa Mande, nyeleti yeka sembe inasiliza nkhani. Manje magazi yasila. Nizamulasa, koma sinilonjeza."

Anamubaya jakisoni, nyeleti ankanenayo, namuika dilipi. A Sakala anamva manyazi osakanikirana ndi chisoni. Paja amati safunsa anadya phula, koma apa wodya phulalo anali galu wosalakwa.

Mkuluyo anagwada pambali pa Dekhani, napinda khutu lija. Mkati munali nkhupakupa thoo, zonenepa ngati nsatsi. Masiku onsewo ankangoyang'ana kukamwa. Anapempha kachitini ka palafini, nayamba kuzizula imodzi imodzi, uku akumutchula dzina pang'onopang'ono.

Dzuwa litapendeka Mayi Chola anabwera, nagwira galuyo pachifuwa kwa kanthawi. Kenako anatseka dilipi.

"Ba Sakala, pepani. Wayenda."

"Ndamva, mayi," anayankha mkuluyo osadzutsa mutu. Anatembenuza mutu wa Dekhani mosamala, napinda khutu linalo. "Ndiloleni ndimalize kuno. Asapite nazo."