Lamulo la pa Foda ya Mkazi Wanga

"Bambo, zithunzi za amayi zili kuti?" anafunsa mwana wanga wamkazi, maso ali pa kompyuta ya pabalaza. Foda ya amayi ake inali mbee.

Ndinamusuntha pampando n'kukhalapo ine. M'mawa womwewo ndinali nditafufuta zonse pa laputopu ya malemu mkazi wanga, kuti mwanayu apite nayo kukoleji. Mtima unali m'malo. Makompyuta athu atatu ankagawana mafayilo kudzera pa pulogalamu imodzi, ndipo lamulo lalikulu ndinalilemba ndekha pamwamba penipeni: chofufutidwa pa makina amodzi chisafufutidwe pa enawo. Ntchito ya makompyutayi ndakalamba nayo.

"Ndinanena kuti tikopere kaye pa fulashi," anatero.

"Lamulo lilipo."

"Nanga zithunzizo zilipo?"

Ndinapita kuchipinda, pa kompyuta yachitatu. Namonso munalibe. Zithunzi za ukwati, mawu amene mkazi wanga ankandijambulira ali m'chipatala, zonse zinali zitatsatira laputopu ija.

Ndinatsegula fayilo ya malamulo, mwana ataima kumbuyo kwanga. Pulogalamuyi imamvera lamulo lapafupi. La pa makina limaposa lalikulu, ndipo la pa foda limaposa onse. Ndinatsika mzere ndi mzere mpaka pansi, pamene ndinali ndisanafikepo chifukwa sindinalembepo kanthu. Panali lamulo la pa foda ya mkazi wanga yokha: chochoka pa laputopu chichoke ponse. Pamwamba pake anasiyapo mawu.

"Abambo, apa musakhudze. Ndikafufuta chithunzi chimene ndaoneka ngati ndadzuka kumene, chizipita ndithu. Inu mumasunga ndi zinyalala zomwe."

Mwana wanga anaseka. Kenako anapukuta misozi ndi kolala ya bulauzi.

"Chotsani mzerewo, bambo. Watimaliza."

"Usiye."

"Mukusungiranji chinthu chimene chadya zithunzi za amayi?"

"Ndati usiye."

Ananyamula laputopu ija, ulendo kukalongedza zovala. Ndinamva zipi ya chikwama ikukana, iye akulimbana nayo.

Ine ndinakuza zilembo mpaka mawu aja anadzaza sikirini yonse. Ndinachotsa manja pa kiyibodi n'kuwapanira pakati pa mawondo, kuopa kukhudza.