Mizere Yobiriwira

Lipoti linatulukanso ndi mizere yofiira, ndipo Kamvuluvulu anamenya tebulo mpaka supuni inalira m'kapu. Dzinali anam'patsa ndi anzake a mu ofesi chifukwa mayiyu sankadziwa kukhala pansi, koma Lachisanu limeneli ngakhale mpando unatopa naye. Mwana wake wamkazi ankathamanga pa mpikisano wa kusukulu masana omwewo. Chaka chapitacho mayiyu sanapiteko, chaka chinacho anafika anthu akunyamula mipando. M'mawa mwanayo anali atam'gwira nkhope ndi manja onse awiri n'kunena kuti, "Amayi, lero mudzandione nokha. Osati kumvera kwa aphunzitsi."

Ntchito ya Kamvuluvulu inali kulemba pulogalamu yotumiza mauthenga pafoni, yokumbutsa odwala tsiku lokatenga mankhwala. Abwana anali ndi lamulo limodzi, ndipo ankalikonda kuposa akazi awo: pulogalamu isatuluke mpaka chida chowerengera chitasonyeza kuti mayeso, timapulogalamu toyesera ngati ikugwira bwino ntchito, adutsa m'mizere yake 90 pa 100 iliyonse. Chidacho n'chopanda nsoni. Mzere umene mayeso apondapo chimaupaka zobiriwira, umene sanafikepo chimaufiiritsa, kenako n'kukuikira nambala pamwamba kuti aliyense aone ulesi wako. Nambala ya Kamvuluvulu inakakamira pa 88.

Kufiirako kunali pagawo lolemba deti mu uthenga, limene analisintha dzulo lake mothamanga. Kuliyesa bwinobwino kunkafuna kudekha: madeti a kumapeto kwa mwezi, odwala amene tsiku lawo lasunthidwa, zonsezo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako ya pafoni, ngati kuti inayo imukomera mtima.

Ndevu, mnzake wa tebulo loyandikana, anaguguza mpando n'kusuzumira pasikirini.

"Achemwali, mukudziphera chiyani? Chidachi sichifunsa ngati yankho lili lolondola. Chimangofuna mayeso adutsemo, basi. Lembani oti angoliyendetsa gawolo, asafunse kanthu, mutseke."

"Mayeso osayesa kanthu?"

"Nanga mlonda wathu uja amayang'ana chiyani? Amazungulira mpanda, aliza kherere, kwatha."

"Iwe Ndevu, udzapsa."

"Tidzapsera limodzi. Theka la zobiriwira mukuzionazi ndi zanga."

Ankadziwa kuti n'chinyengo, ndipo zinamuwawa, koma zala zinali zitayamba kale. Analemba timizere tochepa n'kuyendetsa chidacho. Zilembo zinayamba kutsetsereka pasikirini. Kenako lipoti linabwera: 91, kubiriwira ngati kapinga wothiriridwa. Abwana anatulutsa mutu pakhomo la ofesi yawo, anakweza chala chachikulu, n'kudina batani lotulutsira pulogalamu. Apo n'kuti Kamvuluvulu ali kale pamasitepe, chikwama chili yasa.

Basi ya tsiku limenelo inkaima paliponse pamene munthu wakanda mutu. Anapirira, anatukwana chamumtima, mapeto ake anatsikira panjira n'kuthamanga. Anafika kubwalo la sukulu atsikana a kalasi ya mwana wake akundanda pamzere. Anadzipanikiza pakati pa makolo mpaka pachingwe, kutsogolo kwenikweni. Mwanayo anamuona, anamwetulira ndi magweru ake aja, n'kukweza dzanja. Mtima wa mayi unakhala pansi koyamba tsiku lonselo.

Mphunzitsi analiza wezulo, ndipo nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'dzanja.

Akanangoisiya. Koma nambala yake inali m'gulu la olandira mauthenga aja, poti ndiye ankawatengera bambo ake okalamba mankhwala a mtima, ndipo diso linagwera lokha pasikirini. "Mukukumbutsidwa kudzatenga mankhwala anu pa tsiku la ." Deti panalibe, panali kadontho kokha. Anaganiza za anthu onse amene uthengawo unkawafikira mphindi yomweyo, okalamba akutembenuza foni uku ndi uku, kufunsa adzukulu ngati maso awo ndiwo avuta. Anaimbira Ndevu, sanayankhe. Analembera abwana, zala zikuphonya zilembo: imitsani mauthenga, chonde imitsani, gawo la deti lija sindinaliyese.

Anthu anakuwa mpaka makutu kugontha. Mayi wina wa pambali pake anam'gwedeza phewa, akulumphalumpha. Pamene Kamvuluvulu ankadzutsa mutu n'kuti mpikisano utatha, ana atawerama kugwira mawondo, fumbi likukhazikika.

Mwanayo anabwera akuthamangabe, thukuta lili kamukamu, kansalu kopatsidwa opambana kali m'manja.

"Amayi! Mwaona mmene ndam'pitirira wamtali uja pokhota paja?"

"Ndinalipo, mwanangu. Pompano, pachingwe penipeni."

Mwanayo anayang'ana foni imene inali ikuwalabe m'dzanja la mayi ake. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono, ndipo kansalu kaja anakabisa kumbuyo.

"Ndikudziwa kuti munalipo," anatero. "Ine ndafunsa ngati mwaona."