Bulaketi Imene Bambo Ankaiwala

"Kalasi ya bambo ine sinditenga," Chisamba anauza amayi ake uku akupinda malaya a malemu. "Akulu a dipatimenti afune wina."

Maliro anali atangotha, mipando yobwereka ikadali pakhonde. Bambo ankaphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta pa yunivesite, kwa a chaka choyamba, aja amagwira mausi ngati dzira. Mwana wawo woyamba, amene pakhomo amangomuti Chisamba, amaphunzitsanso pomwepo, koma a chaka chomaliza. Ndi wamutu wakuthwa, ndipo oyamba kumene amamutopetsa.

Masana kunabwera wophunzira wa bambo kudzapepesa, mayi wamkulu ndithu, amene anabwerera kusukulu ana ake atakula.

"Ambirife tikuganiza zongosiya," anatero mayiyo. "Atipirire ndani? Ine tsiku loyamba ndinkaopa kukhudza batani, kuti ndiwononga makina a eni. Ndiye aphunzitsi analemba pulogalamu yawo tonse tikuona pakhoma, iyo n'kukana kuyenda. Malemba ofiira psuu! Iwo kukanda mutu, 'Pepani ana anga, andithandiza ndani?' Amene anaiona ndine, bulaketi, kachizindikiro kokhota kaja, imene anaiwala kutseka. Ndinafika kunyumba ndikuvina."

Chisamba anamwetulira mwaulemu, koma manyazi akale aja anamugwiranso. Kuiwala kwa bambo kunali kodziwika dipatimenti yonse, ndipo anzake akamaseka iye ankangoyang'ana pansi.

"Mwamva, amayi?" anatero mlendo atachoka. "Zaka zonsezi munthu osatha kutseka bulaketi. Ndinkawakonda, koma pamenepo pokha ankandichititsa manyazi."

Amayi anaseka, koyamba chimwalirire amuna awo, mpaka kupukuta misozi.

"Iwe, nzeru zonsezo osaona? Zolakwikazo bambo ako ankazikonzera patebulo pano. Ankalemba zonse bwinobwino, kenako n'kuchotsapo kamodzi, n'kunditembenuzira laputopu. 'Mayi a Chisamba, tapezani.' Ndikalephera, ankati yavuta, ana achita mantha. Ndikapeza msangamsanga, ankati ana adziwa kuti ndikuchitira dala. Ine kompyuta sindiidziwa, koma bulaketi yopanda inzake ndimaiona ndili kukhitchini."

Chisamba anakhala pansi, malaya aja ali m'manja.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Iweyo? Anzako akaseka ukanaulula tsiku lomwelo, poteteza bambo ako. Chinsinsi chikanafika kwa ana, basi ntchito yonse yagwa."

Apa m'pamene Chisamba analira, kulira kwenikweni, koposa kwa kumanda kuja. Bambo analola kusekedwa, ngakhale ndi mwana wawo yemwe, kuti wina asaope batani.

Lolemba m'mawa Chisamba anatsegula laputopu ya malemu patebulo lomwe lija, n'kulemba kapulogalamu kakang'ono kongoonetsa mawu a moni. Kanayenda bwino. Chala chinazengereza, pakuti kuwononga dala chinthu chabwino sichinali chizolowezi chake. Kenako anafufuta penapake, n'kutembenuza laputopu ija.

"Amayi, tapezani."

Amayi anapukuta manja, n'kuvala magalasi a amuna awo amene anali pawindo. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikutsata mzere ndi mzere.

"Iyi yavuta, mwanangu," anatero chapansipansi. "Ana achita mantha. Bambo ako akanayamba ndi yapafupi."

Chisamba anakokera laputopu ija kwa iye, n'kuyambiranso.